Kuika Galu pa Malo a Lendi

Galu uja sanali wanga. Anachita kundisungitsa.

Ine ndine wowotcherera zitsulo. Shedi yanga ili m'mbali mwa msewu ku Chemusa, koma ndimakhala ku Chilomoni, m'nyumba ya lendi. Mageti, zitseko, zitsulo za m'mawindo, ndiyo ntchito yanga. Sukulu ndinalekezera ku pulayimale. Kwathu ndi kumunsi, ku Nsanje. M'tauni muno ndinabwera ndili mnyamata.

Chaka china anandiitana kumalo kumene amasungirako agalu ndi amphaka otayidwa. Zitseko za makola awo zinali zitadyeka ndi dzimbiri. Ndikayatsa makina, agalu onse ankauwa. Mmodzi yekha ayi. Ankagona pakona, mutu pamiyendo, n'kumaonerera moto ukuthetheka. Anali wamkulu thupi, wofiirira, wa imvi kukamwa. Pakhosi anali ndi chipsera pamene panadya tcheni. Ubweya sunamerepo.

Dokotala wa ziweto wa kumeneko, mayi wachichepere ndithu, anandiuza kuti anamutola kuseri kwa nyumba yosungiramo katundu cha ku Limbe. Analondera pamenepo moyo wake wonse. Eni ake posamuka anamusiya ali pa tcheni.

"Amisiri, malo atichepera," anatero dokotalayo. "Simungatisungireko uyu kunyumba? Kwa kanthawi chabe, mpaka tipeze womutenga. Mankhwala tizikupatsani ife."

"Saluma?"

"Alume ndi chiyani?"

Ndinamutsegula kukamwa. Munatsala zigoba zokhazokha. Ndinati chabwino.

Anatibweretsera pa galimoto yawo. Mkazi wanga anatuluka ali ndi tsache m'manja, n'kuima.

"Abambo, anzanu pochokera kuntchito amanyamula shuga. Inu mwanyamula agogo."

"Ndi wa kanthawi."

"Nanunso munati ku Blantyre mwabwera kwa kanthawi."

Dzina limene anamupatsa kumalo kuja linali lachizungu, linatikanika. Tinkangomuti Mdala.

Poloti yathu ili ndi nyumba zitatu. Kutsogolo kumakhala a landilodi, bambo wachikulire wa kumpoto amene anapuma ntchito m'boma, ndi akazi awo odwala miyendo. Pakati pali mayi wogulitsa mandasi, wa pakamwa. Kumbuyo ndife. Kuseri kwa nyumba yathu kuli kamalo kofika kumpanda, poyanika zovala.

Za galu a landilodi sanavute. Anangoti asalowe m'maluwa mwawo. Sanalowemo n'kamodzi komwe.

Masiku oyamba sankadya munthu akumuona. Uike mbale, angokuyang'ana. Utembenuke, umve akunyambita. Ndiye ndinkakhala pakhonde nditamufulatira mpaka atamaliza. Mkazi wanga ankamuphikira phala la gaga, n'kusinjiramo bonya kuti asavutike kutafuna. Loweruka ndinkadzera kubutchala kukatenga mafupa. Osati oti aziguguda, ayi. Oti tiwiritse amwe msuzi. Patapita miyezi anayamba kudya mkazi wanga atagwira mbale. Ine ndekha ankafunabe ndimufulatire. Mwina amene ankamumenya anali mwamuna. Sindikudziwa.

Matcheni ndili nawo ambiri kushedi. Mdala sindinamumangepo.

Ntchito yake sanaisiye. M'mawa uliwonse ankayendera mpanda wonse pang'onopang'ono, kununkhiza makona, kenako n'kukakhala pageti. Palibe anamutuma. Kuuwa kwake kunali kosasa, ngati munthu wa chifuwa. Koma anyamata amene ankanyamula zovala pachingwe ife tili kutchalitchi anasiya kubwera. Wakuba akaona thupi lotero safunsa za mano. Dzuwa likakwera, akazi a landilodi ankatuluka kudzawothera pakhonde, miyendo ataisanjika pa kampando. Mdala ankachoka pageti n'kukagona pafupi nawo. Sankamusisita. Ankangokhala awiriwo, okalamba okhaokha, kuyang'ana msewu.

Dokotala uja ankabwera ndi anthu odzamuona. Akandiuza kuti kukubwera alendo, ndinkamusambitsa, n'kumupesa. Ndinavomera kusunga, ndiye ndinkasunga moona. Linabwerapo banja lina la ku Chinyonga, lofuna mlonda. Bamboyo anamuyang'ana m'kamwa, n'kuyang'ana dokotala.

"Wamng'onoko mulibe?"

Anapita. Ena anabwera, anapitanso. Alendo akachoka opanda galu, mkazi wanga ankaphika akuimba. Ndinkamumva.

Mvula inagwa n'kutha, inagwanso n'kutha. Nyengo yozizira itabwera, miyendo yake yakumbuyo inayamba kukana. Ndinamuwotcherera kabedi kachitsulo kafupi, n'kukungapo chiguduli, kuti asagone pasimenti. Potuluka panja tinkamudutsitsa chitenje kumimba n'kumunyamulira kumbuyoko, iye n'kumayenda ndi yakutsogolo. Ankatero n'kukafikabe pageti. Mpanda wonse sankauthanso.

Dokotala anabwera, anamupima. Anati impso zatha.

"Tikhoza kumutenga," anatero. "Tikamubaya jakisoni, agona osamva kanthu. Zotsalazo tikonza ife."

"Akumva kuwawa?"

"Pakali pano osati kwambiri."

"Ndiye akhale. Kukayamba kuwawa mudzabaye konkuno. Anasiyidwapo kale kamodzi."

Anandiyang'ana, n'kusiya mankhwala. Jakisoni uja sanafunike. Loweruka lina m'mawa, mkazi wanga akusesa, anandiitana ndi mawu otsika. Mdala anali pa kabedi kake atadzipinda, mphuno ili kumchira, monga ankagonera kukazizira. Ndinamugwira. Anali atauma kale.

Mkazi wanga anatseka pakamwa ndi chitenje. Mapewa ankagwedezeka koma mawu sanatuluke. Kulira mokweza pakhomo chifukwa cha galu anthu amati n'kulaula. Iye ankadziwa zimenezo.

Ndinaimbira dokotala.

"Galu wanu wapita. Nditani naye?"

"Pepani, amisiri. Galimoto ipezeka Lolemba. Koma womusunga ndinu. Chimene mwaona, chitani."

Kuno galu akafa amamuika m'thumba n'kukaponya kumtsinje kapena m'ngalande. Ndawaonapo ambiri, atatupa, ntchentche zili waa. Galu amene analondera katundu wa anthu mpaka mano kutha, n'kudzalonderanso geti lathu akukwawa, sindikanamuponya m'ngalande. Ndinafuna agone m'nthaka, kuseri kwa nyumba.

Koma malo a lendi sukumba chisawawa. Amene ankakhala m'nyumba yathu ife tisanalowe anapezeka m'mamawa akukumba m'mbali mwa mpanda. Iye anati ankabzala. Abale a landilodi anati ankakwirira mankhwala kuti alande poloti. Sabata isanathe katundu wake anali panja. Umo ndi mmene ife tinapezera nyumbayi. Mpaka lero alipo amene amati miyendo ya akazi a landilodi inayamba kutupa nthawi imeneyo. Ndiye kuwonjezera apo, ife ndife a kumunsi. M'tauni muno amatinena kuti timabadwa mankhwala ali m'thumba. Mkazi wanga ndi mtsogoleri kumphakati, gulu lathu la akhristu a m'dera. Ali ndi mbiri yoti aisamale. Ine ndili ndi nyumba yoti ndiisamale. Ina yotere pafupi ndi ntchito sindingaipezenso.

"Dikirani kude," anatero mkazi wanga. "Mukumbe mwakachetechete, ine ndiyanikapo zovala mawa. Palibe adziwe."

"Adziwa."

"Adziwa bwanji?"

"Dothi latsopano silibisika. Ndiye adzakumba okha kuti aone."

"Nanga mutani?"

Ndinavala malaya oyera, ndinapita kutsogolo. A landilodi anali pakhonde ndi nyuzipepala.

"Adada, Mdala watisiya."

"Aa, pepani. Anali galu waulemu. Mukamutaye kutali, asanayambe fungo."

"Sinditaya. Ndikupempha ndimuike kuseri."

Anatsitsa magalasi.

"Amisiri, mukudziwa chimene chinachotsa mnzanu uja m'nyumba imeneyo?"

"Ndikudziwa. N'chifukwa chake ndabwera. Iye anakumba yekha, anthu ali m'tulo. Ine ndikumba masana ano, inu mutakhala pampando mukuona."

"Yayi, yayi. Zimenezi kwathu kulibe. Kwanu ziliko?"

"Kulibenso."

"Ndiye mukuzitenga kuti?"

"Anagwira ntchito, adada."

"Ndikakana?"

"Malo ndi anu."

Ndinaimabe pomwepo. Akanakana, sindikudziwa ndikanatani. Kunyamula chinthu chokulunga kupita nacho kuphiri, n'kukayamba kukumba, anthu akanandigenda dzenje lisanafike ndi pabondo pomwe.

M'nyumba munamveka mawu a akazi awo. Analankhula Chitumbuka, mawu ochepa. Sindinamve. A landilodi anapinda nyuzipepala.

"Nyamulani mpandowu."

Ndinaunyamula. Ndinauika pamthunzi wa mpanda, iwo anakhala, ndodo yawo pakati pa miyendo. Mkazi wanga anachotsa zovala pachingwe. Mdala tinamukulunga m'bulangeti lake, n'kumugoneka pambali. Ndinatenga piki, ndinalemba pansi mzere, mbali ziwiri zazitali, ziwiri zazifupi.

Mayi wa mandasi anatulukira ali ndi beseni m'manja. Anaona mpando, anaona piki, anaona bulangeti. Beseni analiika pansi.

"Iii, a neba, mwatani? Mwaferedwa osatiuza?" Anathamangira kugeti. "Tabwerani anthuni mudzaone, kuno kuli maliro a galu!"

Posachedwa mitu inayamba kuonekera pamwamba pa mpanda. Ena analowa ndithu n'kuima pakona pa nyumba.

"Kwaya ifika nthawi yanji?" anafunsa mayi uja, akuyang'ana mkazi wanga. "Amayi, a mphakati aphika mpunga kapena tibwere ndi ndiwo zathu?"

"Mubwere ndi mandasi anu aja a dzana," anayankha mkazi wanga. "Tikhomere misomali."

Anthu anaseka. Ine ndinakweza piki.

"Imani," anatero a landilodi.

Ndinaima.

"Fufutani mzerewo."

"Bwanji, adada?"

"Taonani mwalemba chiyani. Amenewo ndi manda a munthu. Dzenje lotalika chotero limaitana mwini wake. Pakhomo pano pali wodwala, amisiri."

Kuseka kunatha. Ndinayang'ana pansi. Ankanena zoona. Dzanja langa linalemba chimene linazolowera kumanda, ine osaganiza.

"Kumbani lozungulira," anatero. "Ngati la zinyalala."

Mawu amenewo anandilasa. Ndinachita kukana ngalande, ndiye ndimuike m'dzenje la zinyalala? Ndinaima ndi piki m'manja. Anthu ankandiyang'ana. Ndikanatha kuponya piki pansi, ndipo zonse zikanathera pomwepo.

Mkazi wanga anayandikira, analankhula pansipansi.

"Abambo, taonani mmene wagonera. M'lalitalimo mungachite kumuthyola."

Ndinayang'ana bulangeti. Linali lobulungira, monga mmene anadzipindira. Ndinafufuta mzere ndi phazi, ndinalemba wozungulira.

Dothi la ku Chilomoni ndi miyala. Pamwamba pokha ndi pofewa, ukangofika pabondo piki imayamba kulira. Ndinatenga chitsulo changa chosongoka, ndinayamba kutema mwala pang'onopang'ono. Mkazi wanga ankakoka dothi ndi ndowa. Dzuwa linafika pamutu, linapendeka. Ena oonerera anatopa n'kupita, ena anabwera. A landilodi sanadzuke pampando. Chakudya chawo anachita kuwabweretsera pomwepo.

Nditafika m'chiuno, mwamuna wina pampanda anati, "Basi amisiri, lakwana. Si bwana ameneyo."

"Afisi a ku Michiru amatsika," ndinatero. Ndinapitiriza mpaka m'chifuwa. Manja anatuluka matuza, anaphulika. Makoma a dzenje ndinawasalaza ndi fosholo. Ntchito yokhota sindiikonda, ngakhale ya m'nthaka.

Nditatuluka, mayi wa mandasi anayambanso. Tsopano sankaseka.

"A landilodi, inu mwangokhala. M'bulangetimo mwaonamo? Galu tamumva, koma galu yekha? Anthu a kumunsi timawadziwa ife."

Mkazi wanga anafuna kuyankha. Ndinamugwira mkono. Ndinagwada, ndinamasula bulangeti pamaso pa onse. Ndinamunyamula Mdala n'kumugoneka padothi. Bulangeti ndinalikutumula, mbali iyi, mbali inayo. Ndinamutembenuza kuti aone kumimba. Ndinamutsegula kukamwa. Kenako ndinatulutsa matumba a buluku langa panja. Munali machesi ndi kachidutswa ka waya.

A landilodi anadzuka. Anafika m'mphepete mwa dzenje, anasuzumira. Anagogoda pansi ndi ndodo, anagogoda m'makoma monse. Anatembenukira anthu.

"Mwaona nonse?"

Anthu anayang'anana.

"Amene waona china anene pano. Osati mawa kumpopi."

"Ine ndimangofunsa," anatero mayi uja. "Koma bulangeti labwinobwino limenelo, anthu akugona ndi mphepo."

"Ndi lake," ndinatero.

A landilodi anaika malamulo awo. Pasakhale mtanda. Pasakhale mtumbira. Pasakhale pemphero kapena nyimbo. Ndinavomera zonse. Ndinamukulunganso, ndinamusendeza m'mphepete, ndinalowa m'dzenje, n'kumukokera pachifuwa panga. Anali wopepuka kuposa tsiku limene anabwera. Ndinamugoneka pansi. Anakwanamo bwino, osakhudza khoma. Ndinaika miyala yaphanthiphanthi pamwamba pake, kenako dothi. Ndinapondaponda mpaka pansi panafanana. Dothi lotsala ndinatuta pa wilibala. Manja ndinakasamba pampopi wa onse, ndi sopo yekha, kuti pasapezeke wonena kuti ndasambira masamba a mankhwala.

Mpando ndinaubwezera kukhonde. Akazi a landilodi anali atatuluka.

"Mwamuika bwino?" anafunsa.

"Bwino, amama."

Anagwedeza mutu, n'kuyang'ananso msewu.

Nkhani inayenda. Kumsika mkazi wanga ankamuloza. Ku Chemusa anzanga a m'mashedi anayamba kundifunsa ngati ndayamba kupanga mabokosi a agalu, akuti mphaka wawo akudwala. Ndinkangovala magalasi anga akuda n'kuyatsa makina. Mwezi unatha. A landilodi sananene za kusamuka.

Koma mwezi wotsatira akazi awo anadwala kwambiri. Anawagoneka kuchipatala. Pamenepo manong'onong'o anadzuka. Dzenje lija. Anthu a kumunsi aja. Mkazi wanga anasiya kudya bwino. Tsiku lina ndinamupeza akupukuta masutikesi.

"Bwezerani pamwamba," ndinatero.

"Abambo, mayi aja akapita, tituluka ndi miyala."

"Bwezerani."

Lamlungu masana kunabwera mwana wa mlongo wawo wa a landilodi, wogwira ntchito ku Lilongwe. Ndi yemweyo amene anatulutsa katundu wa munthu woyamba uja. Anali atamva kale zonse, sindikudziwa kwa yani. Anafika pakhomo panga, foni m'manja.

"Ndinu amene munakwirira zinthu kuseriku?"

"Galu."

"Tiona ngati ndi galu. Tibwerekeni piki."

"Piki yanga sibwerekedwa."

Anapita kukatenga khasu kwa mayi wa mandasi. Pobwera anandipeza nditaima pamalopo. Sindinanyamule kanthu. Ndinangoima.

"Chokani, bambo. Malo ano si anu."

"Si anga. Eni ake abwere anene."

Anakuwa kuitana amalume ake. A landilodi anabwera pang'onopang'ono. Anali atangochokera kuchipatala, jekete akadali chivalire. Anaoneka otopa kwambiri. Anali ndi mkazi wogona m'chipatala, ndi m'bale wawo weniweni patsogolo pawo. Ine ndinali munthu wa lendi chabe. Akanati kumbani, ndikanachoka, ndipo mawa lake tikanamanga katundu. Munthu akakufukulira, pakhomopo sukhalaponso.

"Amalume, anthu awa akupha amayi inu mukuona," anatero mnyamatayo. "Tikumbe tione."

A landilodi anatembenukira kwa iye.

"Iwe unalipo?"

"Ayi, koma anthu akuti..."

"Ine ndinalipo. Kuyambira piki yoyamba mpaka fosholo yomaliza. Mawonekedwe a dzenje ndinalamula ine. Pansi pake ndinagogoda ndi ndodo iyi. Muli galu ndi bulangeti. Amayiwo akudwala shuga, adokotala anena. Ukafuna kukumba, uyambe wandiuza pamaso pa anthuwa kuti amalume ako ndi akhungu kapena ndi abodza. Sankhapo."

Mnyamata uja anayang'ana khasu. Anayang'ana amalume ake. Anang'ung'udza za anthu akale osamva, n'kukatsamiritsa khasu kukhoma kwa eni ake. Madzulo omwewo anakwera basi.

A landilodi sanandiyang'ane. Pobwerera kunyumba kwawo anangoti, "Amisiri, geti lija likulira. Mulione."

Ndinaliona tsiku lomwelo.

Mayi aja anatuluka m'chipatala, miyendo yawo ikadali yotupa. Amawothera dzuwa okha tsopano. Ife tikadali m'nyumba yakumbuyo. Kuseri kunamera udzu, ndipo mlendo sangadziwe kuti pali kanthu. Ine ndikudziwa pamene pali. Khasu silinakhudzepo.